KODI MWANA WA SUKULU ASANKHE PAKATI PA BAIBULO NDI SAYANSI?



Nkhani ya lero inandipeza ku Nkaya, tsiku lina la Mulungu, Misa itatha. Amai ena achikulire anandidikira pa khomo la tchalitchi, nati: "Bambo, mwana wanga wa Folomu 4 wabwera ku tchuthi ndi mau achilendo. Akuti ku sukulu aphunzira kuti anthufe tinachokera kwa anyani, ndipo kuti za Adamu ndi Eva ndi nthano chabe. Ndamuuza kuti asamvere zimenezo, koma iye akuti zidzabwera pa mayeso. Nanga ine nditani? Ndimleketse sukulu imene ndagulitsira thonje ndi mbuzi zanga, kapena ndimlekerere ataye chikhulupiriro?"

Funso limeneli si la amai amenewa okha ai. Makolo ambiri ali nalo mumtima, ndipo akatekisiti amakumana nalo pokonzekeretsa achinyamata ku Ulimbitso. Inu a ku Nkaya mudziwa kuti pa siteshoni yanu njanji imapatukana. Ina imalunjika kumpoto, ku Balaka ndi ku Salima. Ina, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1970, imaoloka Shire pa Liwonde, nipita ku Nayuchi mpaka ku doko la Nacala. Sitima ikafika pamenepo iyenera kusankha, pakuti singathe kuyenda njira ziwiri nthawi imodzi. Amai aja ankayesa kuti mwana wao wafika pa mphambano yotere, njira ya Mulungu uko, njira ya sukulu uko. Ine ndinawapempha kuti ayang'ane pansi pa sitimayo. Pamenepo pali zitsulo ziwiri zogona motsatana, chilichonse pa malo ake, ndipo sitima imayenda chifukwa zonse ziwiri ziripo. Mukazula chimodzi, kapena mukazipanikiza kuti zisanduke chimodzi, sitima imagwa. Mutu wa nkhani yathu ndi womwewo: mwana ayenera kuphunzira zonse ziwiri, sayansi ndi chipembedzo, chilichonse pa nthawi yake ndiponso mwachoonadi.

CHIPHUNZITSOCHI CHIMANENA CHIYANI?

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tisanakane chinthu, tiyambe tachimva. M'mabuku a Bayoloje chiphunzitsochi chimalembedwa kuti evolution. Ife tichitchula chisinthiko cha zamoyo. Amene anachifotokoza momveka bwino ndi Charles Darwin wa ku England, m'buku lotchedwa On the Origin of Species, limene linatuluka m'chaka cha 1859. Mfundo zake zazikulu ndi zitatu, ndipo mlimi aliyense amazidziwa kale.

Poyamba, ana a mimba imodzi safanana kwathunthu: m'khola limodzi mbuzi ina imapirira matenda, ina imafooka msanga. Kachiwiri, zambiri za m'thupi zimatsata mtundu, kuchoka kwa kholo kunka kwa mwana. Kachitatu, zobadwa zimachuluka kupambana zimene zingathe kukula, kotero kuti zimene matupi ao agwirizana bwino ndi malo ake ndizo zimapulumuka ndi kubereka zambiri. Mibadwo yambirimbiri ikapita, mtundu wonse umasintha pang'onopang'ono, ndipo mtundu umodzi ukhoza kugawika nukhala mitundu iwiri kapena yambiri.

Amai akamasankha ngala zazikulu za chimanga, nazipachika pa utsi kuti zikhale mbeu ya chaka chamawa, amasintha chimanga cha banja lao chaka ndi chaka. Zimene amai amachita ndi manja ao, chilala, matenda ndi njala zimachita m'thengo ndi m'madzi popanda manja. Darwin anangoonjeza kuti ntchito imeneyi yakhala ikuchitika pa zaka zosawerengeka, ndipo akatswiri a masiku ano amayeza kuti dziko lapansi liri ndi zaka pafupifupi mamiliyoni 4,500.

Tsono tikonze mau aja a mwana. Sayansi sinena kuti munthu anabadwa kwa nyani amene timapirikitsa m'munda. Imanena kuti thupi la munthu ndi thupi la chimpanzi, nyani wamkulu wa m'nkhalango za ku Congo ndi Tanzania, anachokera kwa kholo limodzi lakalekale, limene linakhalapo zaka mamiliyoni 6 kapena 7 zapitazo, ndipo linatha kale. Msuwani wako si gogo wako. N'chifukwa chake funso lija lakuti nanga bwanji anyani a lero sakusanduka anthu liribe mphamvu: iwo ali pa nthambi yao, ife pa yathu.

UMBONI ULI KWATHU KONKUNO

Ena amati izi ndi nzeru za Azungu. Koma umboni wina womveka kwambiri uli m'Malawi muno. Ndipereka zitsanzo zitatu.

Choyamba ndi malungo. Achikulire mukumbukira kolokwini, mankhwala owawa aja amene ankachiza malungo m'masiku ochepa. Patapita zaka, analeka kugwira ntchito, ndipo ana ambiri anafa atamwa mankhwala. Chinachitika n'chiyani? Pakati pa tizilombo tosawerengeka toyambitsa malungo panali towerengeka timene tinabadwa tosiyana pang'ono, kotero kuti kolokwini sankatipha. Tinzake titafa, ito tinatsala ndi kuswana, mpaka tinadzaza dziko. M'chaka cha 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolokwini ndi kuyamba Fansida. Fansida nayenso anafooka mwa njira yomweyo, ndipo mu 2007 boma linabweretsa LA. Chodabwitsa n'chakuti ofufuza a ku Blantyre analengeza mu 2006 kuti, kolokwini atachoka m'zipatala zaka zoposa 10, tizilombo tomva mankhwalawo tinachulukanso. Sindikuti mukagule kolokwini; mverani achipatala. Ndikuti chisinthiko chinachitika m'magazi a ana athu, ife tikuona. Namwino kapena dotolo wosamvetsa zimenezi sangamvetse chifukwa chake wodwala ayenera kumaliza mankhwala onse, ndipo mlangizi wa zaulimi sangamvetse chifukwa chake mankhwala opopera thonje amaleka kupha mbozi.

Chachiwiri ndi nsomba za m'nyanja yathu. M'nyanja ya Malawi muli mitundu ya nsomba mazana ambiri, kupambana nyanja ina iliyonse yopanda mchere pa dziko lapansi, ndipo yochuluka mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Asodzi amadziwa kuti mbuna zimakhala m'miyala ndi kupala ndere, utaka umadya tinthu toyandama pakati pa madzi, mcheni umasaka nsomba zinzake, ndipo chisawasawa chimafufuza chakudya mu mchenga. Milomo ndi mano ndi zosiyana, koma zonsezi zimasunga mazira ndi ana m'kamwa mwa make. Akatswiri atayeza DNA, chimene chimasunga chibadwa m'thupi la chamoyo chilichonse, anapeza kuti mitundu imeneyi ndi ya fuko limodzi, ndipo inagawikana pa zaka pafupifupi miliyoni imodzi zapitazi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene bungwe la UNESCO linaikira malo otetezedwa a ku Cape Maclear pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 1984.

Chachitatu ndi mafupa a ku Karonga. M'chaka cha 1991, pa malo otchedwa Uraha, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya cholengedwa chofanana ndi munthu, chimene akatswiri amachitcha Homo rudolfensis. Nsagwadayo iri ndi zaka pafupifupi 2,400,000. M'boma lomwelo munafukulidwa mafupa a chinyama chachikulu cha khosi lalitali, chimene chinakhalapo zaka zoposa mamiliyoni 100 zapitazo, ndipo mu 1993 anachipatsa dzina la dziko lathu, Malawisaurus. Amene afika ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, yotsegulidwa mu 2004, aona chifaniziro cha mafupa ake ndi maso ao.

Abale anga, kodi tingauze mwana kuti zonsezi ndi zabodza? Tsiku limene adzazione yekha, adzati makolo ndi akatekisiti anandinamiza pa ichi, kapena anandinamizanso pa zina zonse. Pamenepo tidzakhala titamtaya ndi manja athu.

NANGA BUKU LA GENESIS?

Tsono titsegule Malembo Oyera. Amene awerenga mosamala mitu iwiri yoyamba ya Genesis amaona kuti muli nkhani ziwiri za chilengedwe. M'mutu woyamba zomera ndizo ziyamba, nyama zitsatira, ndipo mwamuna ndi mkazi alengedwa pamodzi potsiriza. M'mutu wachiwiri mwamuna ndiye ayamba, kenaka mitengo ya m'munda, kenaka nyama, ndipo mkazi abwera pomalizira. Ndiponso m'mutu woyamba usana ndi usiku ziyamba tsiku loyamba, pamene dzuwa lilengedwa tsiku lachinai. Amene anaika nkhani ziwirizi pamodzi sanali wakhungu. Anaona kusiyanako, nazisiya momwemo, chifukwa cholinga chake sichinali kutiuza ndondomeko ya masiku monga amachitira mlembi wa ku khoti.

Akatswiri ambiri a Baibulo amati mutu woyamba unalembedwa pa nyengo ya ukapolo wa ku Babiloni, zaka zoposa 500 Ambuye Yezu asanabadwe. Anthu a kumeneko ankapembedza dzuwa, mwezi ndi nyenyezi. Wolemba wouziridwa ndi Mzimu Woyera anauza Aisraele kuti zimenezo si milungu, ndi nyali chabe zopachikidwa ndi Mulungu mmodzi. Anawaphunzitsa kuti zonse zinachokera kwa Iye, kuti zolengedwa ndi zabwino, kuti mwamuna ndi mkazi ali ndi ulemu umodzi pokhala chifaniziro cha Mulungu, ndi kuti munthu anapatsidwa dziko kuti alisamale. Mfundo zimenezi ndi zoona lero monga zinaliri pa tsiku limene zinalembedwa, ndipo palibe fupa lofukulidwa pansi limene lingazigwetse.

Ife Amalawi sitiyenera kuvutika kumva kalankhulidwe kotere. Makolo a Achewa ankasimba kuti anthu oyamba anatsika ndi mvula pa Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, nasiya mapazi ao pa thanthwe. Makolo a Ayao ankasimba za nanzikambe amene anapeza mwamuna ndi mkazi m'mono mwake. Gogo wosimba nkhani zotere sankanama. Ankaphunzitsa adzukulu kuti moyo sitinadzipatse tokha. Genesis ndi woposa nkhani zimenezi, pakuti ndi Mau a Mulungu. Koma Mulungu polankhula ndi anthu analankhula m'kalankhulidwe kamene anthuwo akanamva. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chaka cha 1965, unatikumbutsa kuti womasulira Malembo ayenera kufunsa mtundu wa zolembazo, ngati ndi mbiri, ndakatulo, uneneri kapena fanizo, kuti apeze chimene wolemba ankafuna kunena.

Maganizo amenewa si atsopano. Augustine Woyera, mwana wa Africa, episkopi wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, anamwalira m'chaka cha 430, zaka zoposa 1,400 Darwin asanalembe buku lake. Iye analemba zambiri za Genesis, ndipo anachenjeza kuti Mkhristu akamalankhula zopanda pake za dziko, nyenyezi ndi nyama, nanena kuti Malembo ndiwo atero, anthu akunja odziwa zinthuzo amaseka, ndipo pambuyo pake sakhulupiriranso Malembo ngakhale pa nkhani ya kuuka kwa akufa.

EKLEZIA AMAPHUNZITSA ZOTANI?

M'chaka cha 1950, Papa Pius XII analemba kalata yotchedwa Humani Generis. M'menemo analola kuti akatswiri afufuze ngati thupi la munthu linachokera ku zamoyo zina zimene zinalipo kale. Koma anaika malire: mzimu wa munthu aliyense umalengedwa ndi Mulungu mwini. Pa 22 Okotobala 1996, Papa John Paul II analembera bungwe la akatswiri a sayansi la ku Vatican kuti umboni wochokera ku nthambi zosiyanasiyana za maphunziro wachuluka, kotero kuti chisinthiko sichilinso ganizo longoyerekeza. Iyenso anabwereza malire omwe aja, nakana maganizo akuti mzimu wa munthu ndi chipatso cha thupi chabe. Mu Okotobala 2014 Papa Francis anauza bungwe lomwelo kuti tisamaganize za Mulungu ngati wamatsenga wogwira ndodo, ndi kuti chisinthiko sichitsutsana ndi chilengedwe, pakuti chinthu chiyenera kuyamba chakhalapo kuti chisinthike.

Onani tsono pamene pali kusiyana. Sayansi imafunsa kuti zinachitika bwanji, liti, ndipo zinatsatana motani. Chikhulupiriro chimafunsa kuti zonsezi zinachokera kwa yani, ziripo chifukwa ninji, ndipo munthu akhale motani. Mzamba akhoza kukufotokozerani bwino lomwe mmene mwana amakulira m'mimba miyezi isanu ndi inai, ndipo zonse zimene anena ndi zoona. Komabe pa tsiku la ubatizo makolo amathokoza Mulungu chifukwa cha mphatso ya mwanayo, ndipo naonso sakunama. Ngati Mulungu analenga inu ndi ine kudzera mwa makolo athu, n'chiyani chingamletse kulenga mtundu wa anthu kudzera m'njira yaitali ya zaka mamiliyoni?

Akatekisiti adzafunsa za Adamu ndi Eva. Katekisimu wa Eklezia Katolika, wotuluka mu 1992, amaphunzitsa kuti nkhani ya kugwa kwa munthu inalembedwa m'mau ophiphiritsa, koma ikunena chinthu chimene chinachitikadi pa chiyambi cha mbiri ya anthu: makolo athu oyamba, mwa ufulu wao, anafulatira Mulungu, ndipo bala limenelo tonse timabadwa nalo. Pano pali mfundo yolimba, ndipo tisaibise. Papa Pius XII anachenjeza za ganizo lakuti anthu anachokera kwa makolo oyamba ambiri, pakuti sankaona mmene lingagwirizanire ndi chiphunzitso cha tchimo lobadwa nalo. Pamene akatswiri a DNA amapeza kuti makolo athu akale anali gulu. Akatswiri a zaumulungu akupitiriza kusinkhasinkha za mfundoyi. Chimene sichigwedezeka ndi ichi: anthu onse ndi banja limodzi, tonse ndife ochimwa, ndipo tonse tinaomboledwa ndi Khristu mmodzi.

Dziwaninso kuti m'mabuku omwewo a sayansi muli maina a ansembe. Gregor Mendel, amene ana a Folomu 4 amaphunzira malamulo ake a chibadwa, anali wansembe wa chipani cha Augustine Woyera ku Brno. Anabzala nsawawa m'dimba la nyumba ya ansembe zaka zambiri, nafalitsa zimene anapeza mu 1866. Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium, anaonetsa mu 1927 kuti thambo lonse likufutukuka, ndipo mu 1931 anapereka ganizo limene lero limatchedwa Big Bang. Iye mwini sankafuna kuti anthu agwiritse ntchito ganizo lakelo ngati umboni wa Genesis. Ankadziwa kuti zitsulo ziwiri zija siziyenera kupanikizidwa.

TSONO M'SUKULU TIPHUNZITSE CHIYANI?

Pa nkhani imeneyi timamva mau a mitundu itatu. Ena amati chisinthiko chichotsedwe m'sukulu. Ena amati chikhale, koma Genesis aphunzitsidwe m'phunziro lomwelo la Bayoloje, kuti mwana asankhe yekha. Ena amati chipembedzo ndicho chichoke, chikhale cha ku tchalitchi ndi ku mzikiti.

Kwa oyamba tayankha kale: dziko la malungo, la thonje ndi la nsomba silingathe kukhala ndi madotolo ndi alangizi osadziwa mmene zamoyo zimasinthira. Ku America anayesa njira yoletsa. M'chaka cha 1925, m'tauni ya Dayton, mphunzitsi John Scopes anazengedwa mlandu nalipitsidwa madola 100 chifukwa chophunzitsa chisinthiko. Mlanduwo sunatembenuze mtima wa munthu. Unangopatsa onyoza chipembedzo nkhani yoseka.

Kwa achiwiri tinena kuti ganizo lao likuoneka lachilungamo, koma limachepetsa Malembo Oyera. M'phunziro la sayansi mumalowa zinthu zimene zingayezedwe, ndipo zikapezeka zolakwa zimatayidwa. Kodi tifuna kuti Mau a Mulungu aikidwe pa sikelo yotere, ngati kuti akupikisana ndi nsagwada ya ku Uraha? Mu 2005 khoti lina la ku Pennsylvania, ku America komweko, linagamula kuti chiphunzitso cha chipembedzo chovekedwa malaya a sayansi sichingalowe m'phunziro la Bayoloje. Ife sitisowa khoti kuti litiuze zimenezi, pakuti Eklezia mwini satenga Genesis ngati buku la Bayoloje.

Kwa achitatu tinena kuti sayansi payokha singalere munthu. Imatiuza mmene mtengo umakulira, koma sitiuza ngati n'kwabwino kumaliza nkhalango yonse ndi makala. Mbiri itichenjeza: anthu ena anapotoza mau a Darwin, nati mitundu ina ya anthu ndi yotsika, makamaka ife akuda, ndipo kuti ofooka ndi opunduka alibe ntchito. Maganizo otere anathandiza atsamunda kudzilungamitsa, ndipo ku Germany, pa nthawi ya Hitler, anaphetsa anthu mamiliyoni. Sayansi ya lero inawatsutsa, pakuti yapeza kuti anthu onse ndi mtundu umodzi ndipo chiyambi chao chiri mu Africa muno. Koma chimene chimauza mwana kuti wakhate wa ku Utale ndi nduna ya boma ali ndi ulemu umodzi pamaso pa Mulungu, ndicho chikhulupiriro. Sukulu yopanda phunziro limeneli imatulutsa anthu ochenjera, koma osadziwa chochita ndi kuchenjera kwaoko.

Komabe kuphunzitsa chipembedzo m'sukulu kuli ndi zobvuta zake, ndipo ife a ku Balaka ndi Machinga tizidziwa kupambana ena, pakuti pa benchi limodzi pamakhala Mkatolika, Msilamu, wa Anglican ndi wa CCAP. Ansembe a Montfort atafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Utale mu 1908, iwo ndi amishoni a mipingo ina ndiwo anali eni sukulu. Makolo ambiri achisilamu ankaopa kuti mwana akapita ku sukulu adzabatizidwa, choncho ankamsunga pakhomo, ndipo mibadwo ingapo inatsalira pa maphunziro. Phunziro lake ndi lowawa: kholo likaona sukulu ngati mdani wa chikhulupiriro chake, amene amalipira ndi mwana.

M'chaka cha 2000 boma linafuna kuchotsa phunziro la Bible Knowledge m'sekondale, ndi kuika m'malo mwake Religious and Moral Education, limene limaphunzitsa za Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo. Mipingo yachikhristu inakana, ndipo Pulezidenti Bakili Muluzi anaimitsa kusinthako. Atakambirana, anagwirizana kuti maphunziro onse awiri akhalepo. Mu Novembala 2019, ku M'manga m'boma la Balaka, mkangano wa hijabu ya atsikana a sukulu unafika povulazana ndi kuononga nyumba zopemphereramo, ndipo ana anakhala osaphunzira. Bungwe la Public Affairs Committee linakhalitsa pansi atsogoleri a mbali zonse, ndipo mu 2021 anasainirana pangano. Njobvu zikamamenyana, umavutika ndi udzu. Choncho tikati chipembedzo chiphunzitsidwe m'sukulu, tikutanthauza kuti chiphunzitsidwe mwaulemu, popanda kukakamiza kapena kunyoza mwana wa chipembedzo china, pakuti malamulo a dziko lino amateteza ufulu wa chipembedzo, ndipo Eklezia amaphunzitsa kuti chikhulupiriro sichikakamizidwa.

MAU KWA ALIYENSE

Inu aphunzitsi a Bayoloje, phunzitsani chisinthiko chonse, momveka, osachita manyazi ndiponso osalumpha masamba. Koma musadumphe malire a phunziro lanu. Mukauza ana kuti sayansi yatsimikiza kuti kulibe Mulungu, mwaleka kuphunzitsa sayansi, mwayamba kulalika chikhulupiriro chanu, pakuti palibe chida choyezera chimene chinapezapo zimenezo.

Inu aphunzitsi a chipembedzo ndi inu akatekisiti, musauze ana kuti alembe za chisinthiko pa mayeso koma mumtima adziwe kuti ndi bodza. Malangizo otere amaphunzitsa mwana kukhala ndi mitima iwiri, ndipo mwana wozolowera kulemba chimene akuchiyesa bodza kuti apeze satifiketi, mawa adzasaina bodza mu ofesi kuti apeze ndalama. Werengani nao mitu iwiri ya Genesis, muwaonetse kusiyana kwake, muwafunse chimene Mulungu akutiphunzitsa m'menemo. Funso likakukulirani, nenani kuti tikafunse kwa Bambo Mfumu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Inu makolo, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unanena kuti aphunzitsi oyamba a mwana ndinu. Mwana akabwera ndi funso, musamkalipire. Mwana wofunsa akali pakhomo. Woopsa ndi amene waleka kufunsa, amene amapita ku Misa kuti akondweretse amai ake, koma mumtima anatsazika kale. M'mera m'poyamba: mwana amene anamva ali wamng'ono kuti Mulungu saopa mafunso, sadzagwedezeka pofika Folomu 4.

Ndipo inu ana a sukulu, phunzirani mwakhama. Nzeru zimene mukuyezera mafupa ndi nyenyezi anakupatsani ndi Mulungu yemweyo amene mumampembedza. Choona sichingatsutsane ndi choona chinzake, pakuti mwini wa zonse ziwiri ndi mmodzi.

Amai aja a ku Nkaya ndinawapempha chinthu chimodzi, ndipo ndikupempha mabanja nonse kuti muchiyese sabata ino. Madzulo, mutatha kudya, mwana wa sukulu atenge buku lake, afotokozere banja lonse mmene tizilombo ta malungo tinapambanira kolokwini, kapena mmene nsomba za m'nyanja zinagawikirana. Akatha, bambo kapena mai atsegule Malembo Oyera, awerenge mutu woyamba wa Genesis ndi Salimo 8. Kenaka mugwade pamodzi.

Tipemphere. Mulungu Atate, Mlengi wa zooneka ndi zosaoneka, dalitsani ana athu amene ali m'sukulu, pamodzi ndi aphunzitsi ao. Apatseni nzeru zofufuza ntchito za manja anu, ndi mtima wodzichepetsa wokuzindikirani Inu m'ntchitozo. Khazikitsani mtendere pakati pa Akhristu ndi Asilamu m'midzi ndi m'sukulu mwathu. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.